Mphamvu yosayezedwa ndi maso: zipolopolo zakale ndi gogodela kuzigwa za fodya

Mwezi wa Epulo ukafika ku Chisemphere, kumpoto kwa boma la Kasungu, mudzi umasintha fungo. Fodya wauma m'zigafa, amayi ali kalikiliki kusankha masamba, abambo akudinda mabelo pa jeke, ndipo malole ayamba kulondolera ku msika wa Chinkhoma kapena ku Kanengo. Kumunda chimanga chakhwima. Ndi nyengo ya chimwemwe, komanso ndi nyengo imene mwininyumba sagona tulo tokwanira. Zikangomveka kuti ndalama za fodya zatuluka, akuba nawo amamva. Chakumadzulo, kumidzi yoyandikana ndi nkhalango ya Kasungu, njovu ndi nguluwe zimadziwa kuti m'minda muli chakudya. Pa nthawi yotereyi ndi pamene munthu wabwinobwino, wosabapo ngakhale nkhuku ya mwini, amayamba kulingalira za mfuti.

Maganizo amenewa sasowa wowathirira. Pamowa kapena pabawo pamapezeka wina wonong'ona kuti akudziwa munthu amene ali ndi "katundu": gogodela yosulidwa kumudzi, kapena zipolopolo zingapo za pistol zokulungidwa m'kasanza kamafuta, zotsala pa nkhondo. Wina amatsimikiza kuti chipolopolo chakale chikakana kulira, umangochitsegula n'kuthiramo wonga wina. Winanso amati wonga wa m'chipolopolo cha asilikali ukauthira mu gogodela, njovu imagwa pa kuwomba kumodzi. Nzeru ziwiri zonsezi ndi zabodza, ndipo amene amayamba kuvulala nazo ndi wogwira mfutiyo.

Kumene zidachokera

Mfuti si mlendo m'dera lino. M'zaka za m'ma 1800 anthu a Mwase Kasungu ankapeza mfuti ndi wonga kwa amalonda odzera ku Nkhotakota kwa Jumbe, posinthanitsa ndi minyanga ya njovu, ndipo mfutizo zidawathandiza kuima pamaso pa Angoni. Zinali mfuti zothirira wonga kukamwa n'kutsendera ndi kamtengo kapena kachitsulo. Pangano la ku Brussels la 1890 lidaletsa kugulitsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa, koma lidasiya mpata wa mfuti zachikale ndi wonga wakuda. N'chifukwa chake luso losula ndi kukonza gogodela lidakhazikika m'midzi, kuno ndi kutsidya kwa malire ku Zambia, mpaka lero.

Zipolopolo za asilikali zidabwera pambuyo pake. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique idayamba mu 1977 n'kutha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Dziko la Malawi lidasunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni, ndipo malire athu ndi Mozambique ndi aatali, odutsa m'minda ndi m'misika. Zida zambiri za nkhondoyo zidapangidwa ku Soviet Union, ku China ndi kumayiko a kum'mawa kwa Ulaya. Nkhondo itatha, zina zidakwiriridwa m'nthaka, zina zidagulitsidwa pamtengo wozizira. Kuno kwathu, mu Disembala 1993, asilikali adalanda zida a Malawi Young Pioneers pa Operation Bwezani, ndipo ena mwa apayoniya adathawira ku Mozambique ndi mfuti zawo. Apolisi a South Africa ndi a Mozambique adayamba Operation Rachel mu 1995 kufukula ndi kuwononga zida zobisidwa, koma palibe amene anganene kuti adatola chipolopolo chilichonse. Atsogoleri a SADC atakumana ku Blantyre mu Ogasiti 2001 adasainira pangano loyang'anira mfuti ndi zipolopolo chifukwa ankaona kuti zida zikuyenda m'chigawo chonse.

Tanthauzo lake n'lakuti chipolopolo chotsala pa nkhondoyo chimene munthu angapatsidwe lero chapitirira zaka 30, ndipo zina zidapangidwa nkhondo isanayambe n'komwe.

Zimene zimachitika m'kati mwa chitsulo

Tengani chipolopolo cha pistol m'malingaliro. N'kanthu kakang'ono, kosafika kutalika kwa chala chaching'ono. Kali ndi chigoba cha mkuwa kapena chitsulo. Kutsogolo kuli mutu, umene umauluka. Kumbuyo kuli kabatani koyatsira moto. M'kati muli wonga. Mu chipolopolo cha 9mm wongawo sukwana ngakhale theka la galamu. Sikelo yoyezera mabelo a fodya singaumve n'komwe.

Kabatani kaja kakamenyedwa, wonga umapsa n'kusanduka mpweya wotentha m'kanthawi kongoyandikira gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Mpweyawo ulibe kolowera. Umakankha mbali zonse mofanana: kutsogolo kumene kuli mutu wa chipolopolo, m'mbali kumene kuli khoma la mpaipi, ndi kumbuyo kumene kuli nkhope ya munthu. Mfuti imagwira ntchito pokhapokha ngati njira yofewa kwambiri ndi ya kutsogolo. Mbali ina ikafooka kuposa kutsogolo, mpweya umatulukira komweko.

Mphamvu yokankhayi imayezedwa mu bar. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa bar 2 kapena kupitirira pang'ono, ndipo aliyense amene adaimapo pafupi tayala likuphulika amadziwa mmene mtima umadumphira. Malire amene bungwe loona za kuyesa mfuti la CIP lidaikira chipolopolo cha 9mm Parabellum ndi bar 2,350, kuwirikiza tayala lija pafupifupi ka 1,000. Malire a chipolopolo china cha pistol, cha 7.62 Tokarev, ndi bar 2,500, ndipo mutu wake umatuluka pa liwiro loposa mamita 400 pa sekondi. Zonsezi zimachitikira m'dzanja la munthu, pamtunda wosakwana mkono kuchokera kumaso.

Manambala amenewa sadabwere mwamwayi. Adabwera anthu ataphulikiridwa mfuti zaka zambirimbiri. Ku Birmingham, nyumba yoyesera mfuti idakhazikitsidwa mu 1813. Bungwe la CIP, limene mayiko ambiri a ku Ulaya amatsata, lidayamba mu 1914, ndipo la ku America, SAAMI, mu 1926. M'mayiko a CIP pistol yatsopano isanagulitsidwe imayamba yawombedwa ndi zipolopolo zoyesera zokhala ndi mphamvu yoposa malire ndi 30 peresenti. Ikapirira osasweka kapena kufufuma, imadindidwa chizindikiro. Chidindo chimenecho ndi lonjezo lakuti chitsulo ichi chayesedwa, ndi mtundu uwu wa chipolopolo, mpaka apa. Kupitirira pamenepo palibe amene walonjeza kanthu.

Cholowa si choyenera

Msampha waukulu wa zipolopolo zotsala pa nkhondo ndi wakuti zambiri zimafanana maonekedwe. Chitsanzo chodziwika padziko lonse ndi cha 7.62 Tokarev. Anthu a ku Soviet Union adatengera chipolopolo chimenechi kwa cha 7.63 Mauser, chimene chidapangidwira pistol ya ku Germany ya Mauser C96 ya mu 1896. Kukula kwake n'kofanana kwambiri moti china chimalowa bwinobwino m'mfuti ya chinzake. Koma cha Tokarev chinkagwiritsidwa ntchito mu pistol ya TT-33 ndi m'mfuti yothira zipolopolo motsatizana ya PPSh-41, ndipo chimadzazidwa mwamphamvu. Akatswiri akhala akuchenjeza kuti chisawombedwe mu Mauser yakale. Ngakhale pakati pa zipolopolo za Tokarev zokhazokha, zopangidwa m'mafakitale a mayiko osiyana sizifanana mphamvu.

Chimodzimodzi ndi zimene anthu amangoti "nayini". Pali 9mm Parabellum, ndiye pali 9mm Makarov imene asilikali a Soviet Union adayamba kugwiritsa ntchito mu 1951. Malire a Makarov ndi bar 1,600 basi, kutali ndi 2,350 ya inzake. Komanso mutu wa Makarov ndi wonenepa pang'ono, mamilimita 9.27, pamene wa Parabellum uli pafupi ndi 9.02. Kusiyana kumeneku diso silingakuone, koma mpaipi umakumva. Wogulitsa mumdima sadziwa izi, ndipo ngakhale atadziwa sanganene, poti iye akufuna ndalama.

Wonga umakalamba

Anthu ambiri amakhulupirira kuti chipolopolo chikakalamba chimangofooka, ndiye choopsa palibe. Apa m'pofunika kukhalapo pang'ono, chifukwa chikhulupiriro chimenechi n'chimene chimapereka mtima wosewera nazo.

Wonga wa m'zipolopolo zamakono ndi wosiyana kotheratu ndi wonga wakuda wa makolo. Udayamba ndi katswiri wa ku France, Paul Vieille, mu 1884, ndipo chachikulu chake ndi nitrocellulose. Mankhwala amenewa amayamba kuwonongeka pang'onopang'ono kuyambira tsiku lopangidwa, n'kumatulutsa mpweya wa asidi umene umafulumizitsanso kuwonongekako. Opanga amaikamo mankhwala ena omeza asidiyo, koma nawo amatha. Kutentha kumawamaliza msanga. Ganizirani kumene munthu wobisa zinthu amaziika: pansi pa malata amene mu Okutobala sungawakhudze ndi dzanja, m'denga la khitchini mmene utsi umapita tsiku ndi tsiku, m'khoma la bani ya fodya wowotcha imene kutentha kwake kumafika madigiri 70 poumitsa mitsitsi ya masamba, kapena m'nthaka imene imanyowa dzinja lililonse. Malo onsewa ndi oipa kuposa ena alionse.

Wonga wowonongeka sudziwika khalidwe. Wina umapsa mofooka, wina umasweka n'kukhala fumbi lopsa msanga kuposa mmene udapangidwira, ndipo wochuluka ukasungidwa pamodzi umatha kuyaka wokha. Dziko la France lidataya sitima ziwiri zankhondo pa doko la Toulon, Iéna mu 1907 ndi Liberté mu 1911, ndipo wonga wowonongeka ndi umene udalozedwa chala. Pafupi ndi kwathu, pa 22 Malichi 2007, nkhokwe ya zida zakale ya Malhazine ku Maputo idaphulika nyengo yotentha n'kupha anthu oposa 100, ambiri a iwo ali m'nyumba zawo. Ngati nkhokwe ya boma, yokhala ndi alonda ndi akatswiri, idalephera kusunga zida zokalamba, denga la kumudzi lingathe bwanji?

Ngakhale chipolopolo chofookacho chili ndi njira zake zophera. China chimalira mopepuka, mutu n'kutsakamira pakati pa mpaipi. Wowomba, poti ndi usiku ndipo mtima uli m'mwamba, amawombanso, ndipo chachiwiricho chimapeza njira yotsekeka: mpaipi umang'ambika. China chimachedwa kuyaka. Munthu akoka, kuli zii. Atembenuza mfuti kuti aone chavuta n'chiyani, kapena aloza kwa mnzake akufunsa, ndiye imalira. Palinso dzimbiri. Mabatani oyatsira a zipolopolo zambiri zakale za asilikali amasiya mchere mumpaipi. Mcherewo umakoka chinyezi, ndipo mfuti yosatsukidwa imadyeka m'kati pamene kunja ikuoneka yonyezimira ndi mafuta.

Amene amadzaza okha, amadzaza bwanji?

Wina anena kuti: nanga si ku Joni azungu amadzaza okha zipolopolo m'magalaja mwawo? N'zoona, ndipo achibale athu ogwira ntchito m'mafamu ndi m'nyumba za ku South Africa adaziona ndi maso. Koma adaonanso zimene zimazungulira ntchitoyo. Lamulo la kumeneko la Firearms Control Act la 2000 limalola zimenezi kwa munthu yekhayo amene ali ndi laisensi ya mfutiyo. Wonga amagula wosindikizidwa dzina ndi nambala, monga wa Somchem, ndipo kampaniyo imafalitsa miyeso imene idayesedwa ndi makina oyezera mphamvu. Sikelo yake imamva kulemera kochepera gawo limodzi mwa magawo 100 a galamu. Amayambira pa muyeso wotsika, sasakaniza mitundu ya wonga, amayeza kutalika kwa chipolopolo chilichonse chifukwa mutu ukangolowa m'kati mopitirira pang'ono mphamvu imakwera kwambiri, ndipo mfuti yake ndi yodindidwa. Ndi zonsezi, ngozi zimachitikabe, makamaka munthu akasokonezeka n'kuthira wonga kawiri m'chigoba chimodzi.

Chofunika kuchimvetsa n'chakuti lamulo loyamba la anthu amenewa ndi kusagwiritsa ntchito wonga wosadziwika. Wonga wa m'zipolopolo za asilikali ulibe dzina pamsika. Fakitale inkausakaniza ndi kuuyesa gulu ndi gulu, ndipo zolemba zake zidatsala kumayiko ena amene lero kulibe. Mitundu iwiri ingafanane mtundu ndi kukula kwa timibulu, koma wina n'kupsa msanga kwambiri kuposa unzake. Zigoba zambiri za zipolopolozi ndi zachitsulo, zopangidwa kuti ziwombedwe kamodzi n'kutayidwa. Katswiri wokhala ndi zipangizo zonse akapatsidwa wonga wotere amauwononga. Tsono munthu wa pansi pa mtengo wa mango, woyeza ndi chivindikiro cha botolo, akudalira chiyani? Safunsa adadya phula, koma pankhani iyi ngakhale wofunsa alibe womuyankha, chifukwa palibe munthu m'mudzi, m'boma kapena m'dziko muno amene angayang'ane wonga wa zaka 50 n'kunena mphamvu yake. Ndikunena mosapsatira: kudzaza kotetezeka kwa zipolopolo zotsala pa nkhondo kumudzi kulibe.

Gogodela ndi dzanja lamanzere

Ngozi yaikulu koposa ili pamene mibadwo iwiri ya mfuti ikumana. Gogodela yosula kumudzi imapangidwa ndi mpaipi umene wapezeka, ndipo mipaipi yambiri ili ndi msoko wowotcherera kuyambira kumutu mpaka kumchira. Sidapangidwire mphamvu za mabar masauzande, ndipo palibe adaiyesa. Ngakhale mfuti zothirira kukamwa zopangidwa m'fakitale zimalembedwa chenjezo lakuti wonga wamakono usathiridwemo, chifukwa mphamvu yake imaposa kutali ya wonga wakuda. Wothira wonga wa m'chipolopolo mu gogodela wanyamula bomba n'kulitsamiritsa patsaya.

Mabala ake amadziwika. Dzanja lamanzere, limene limagwirizira mpaipi, ndi limene limayamba: chala chachikulu ndi chamkombaphala zimapita, chikhatho chimatseguka. Chotsekera cha kumbuyo chikazuka chimalunjika diso lakumanja. Tizidutswa ta chitsulo, dzimbiri ndi nsanza timalowa m'mnofu, ndipo bala lotere silichedwa kuola kapena kubweretsa kafumbata. Choipa china n'chakuti wovulalayo amaopa kupita kuchipatala poganiza kuti akafunsidwa za mfuti. Amagona m'nyumba masiku, akuthira mankhwala azitsamba, mpaka dzanja limene likanapulumuka lifunika kudulidwa. Ku Nkhamenya kuli chipatala, ku Kasungu kuli chipatala cha boma, koma opaleshoni yaikulu ya mafupa ndi maso imafuna ulendo wa ku Lilongwe, makilomita oposa 120 kuchokera pa boma la Kasungu. Wovulala apite tsiku lomwelo. Mlandu umakambidwa, dzanja silimeranso.

Ndipo fodya ndi mbewu ya zala. Kufesa nazale, kuwokera, kuthyola nsonga, kuchotsa mphukira, kusoka masamba, kusankha: ntchito zonsezi zimafuna manja awiri athunthu. Mlimi kapena tenanti wotaya zala zitatu wataya ntchito yake yonse, ndipo ana ake ndi amene amasiya sukulu kuti alowe m'malo mwake.

Dandaulo la mlimi n'loona

Sikungakhale chilungamo kuuza anthu kuti atayane ndi mfuti popanda kuvomereza chimene chimawakankhira kumeneko. Mu 2022 njovu 263 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku nkhalango ya Kasungu, pa ntchito ya nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire mothandizana ndi IFAW ndi African Parks. Cholinga chinali kubwezeretsa njovu zimene opha nyama mozemba adazitha. Koma kuchokera pamenepo midzi ya m'mbali mwa nkhalangoyi, ku Malawi ndi ku Zambia komwe, yalira maliro ndi kuona minda ikuphwasulidwa usiku umodzi, ndipo anthu akhala akudandaula za mpanda wosakwanira. Bambo amene waona chimanga cha chaka chonse chitapondedwa sakusowa chifukwa chokwiyira. Amene adathyoleredwapo nyumba sabata imene ndalama za fodya zidatuluka, naye mantha ake ndi enieni.

Komabe gogodela siyankha dandaulo limeneli. Kawirikawiri sipha njovu. Imailasa n'kuisiyira chitsulo m'thupi. Njovu yovulala ndi yolusa, ndipo amene imakumana naye mawa lake ndi mayi wopita kukatola nkhuni kapena mwana wopita kusukulu, amene sadawombe kanthu. Kumbali ya lamulo, Firearms Act ya 1967 imafuna chilolezo cha apolisi kuti munthu asunge mfuti kapena zipolopolo, ngakhale chimodzi chokha, ndipo gogodela nayo ndi mfuti pamaso pa khoti. Lamulo la nyama zakutchire litakonzedwanso mu 2017, chilango cha milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu chidafika mpaka zaka 30 kundende.

Udindo waukulu, mwa kuona kwanga, uli ndi boma. Alonda a nkhalango akaitanidwa azifika usiku womwewo. Mpanda umalizidwe ndi kusamalidwa. Apolisi aziyendera midzi ya alimi nthawi ya msika, ndipo alimi azisiya ndalama kubanki kapena pafoni m'malo mozigoneka pansi pa mphasa. Pafunikanso njira yomveka yoperekera zida popanda mantha. Kuyambira mu 2017 bungwe la African Union lidapatula mwezi wa Seputembala kuti anthu azipereka mfuti zosaloledwa osaimbidwa mlandu, koma uthenga wotere sungathandize ngati uthera m'mahotela a ku Lilongwe osafika pabwalo la mfumu. A ku Mozambique adationetsa kuti n'zotheka: mu 1995 bungwe la mipingo ya chikhristu kumeneko, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, lidayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera, ndipo anthu adafukula zida zambirimbiri. Mipingo, mizikiti ndi makalabu a alimi a fodya a kuno angathe kuchita gawo lomwelo.

Mukachipeza

Khasu likagunda kabokosi kachitsulo pokonza mizere, kapena mukapeza kasanza kolemera m'denga la malemu agogo, zimene mudzaone ndi tizitsulo tobiriwira kapena tofiirira ndi dzimbiri, tina tosweka m'khosi, tokhala ndi timanambala kumbuyo, mwina tonunkha mowawasa. Musatikhokhomole, musatitsegule, musatipale kuti tiwale. Musatiponye pamoto kapena padzala loti lidzatenthedwa, musatitaye m'chimbudzi kapena m'chitsime, ndipo musatigulitse kwa ogula zitsulo zakutha, chifukwa kumeneko timakakumana ndi nyundo ndi ng'anjo. Chotsanipo ana, ikani chizindikiro pamalopo, uzani a mfumu ndi a komiti ya chitetezo cha m'mudzi, ndipo iwo aitane apolisi adzatenge okha. Kunyamula zinthuzi m'thumba kupita nazo kupolisi pa kabaza kapena m'minibasi n'kuika anthu ena pangozi, komanso mukakumana ndi rodibuloko panjira mudzavutika kufotokoza.

Inu mafumu a kwa Chisemphere, kwa Kaluluma ndi kwa Chulu, inu abusa ndi atsogoleri a makalabu a fodya: msika usanatsegulidwe, itanani apolisi pabwalo, anthu amve kuchokera pakamwa pawo mmene angaperekere gogodela ndi zipolopolo zimene akusunga. Ndipo inu bambo amene mukudziwa chimene chili m'denga mwanu, pitani kwa a mfumu sabata ino.